Thireyi ya Tiyi Pamwamba pa Mitengo

Usiku wathawu Mayi Edina Chapola analota atafika kale kunkhalango ya paini, kumene a kuofesi kwawo akupita lero kukayenda pa zingwe zomangidwa m'mwamba mwa mitengo. Mayiwa ndi amene amaphika tiyi ndi kukolopa paofesipo, zaka makumi awiri tsopano. Dzina lawo linasiyidwa pamndandanda wa ulendowo, ati zingwe si za anthu a mawondo olira, mpaka iwo anakagogoda okha kwa Bambo Msusa, oyang'anira antchito, n'kulilembetsa. Ofesi yonse yakhala ikudikira kudzaona mayiwa akubwerera pamakwerero.

M'malotomo anali atavala chitenje cha kutchalitchi ndi nsapato zothamangira zobwereka. Mlangizi wa pamalopo, mayi wamtali wa wezulo m'khosi, anawamanga malamba m'chiuno ndi m'ntchafu, n'kuwakola ngowe yachitsulo kumsana. Ndiye atangowaveka chipewa cholimba, chipewacho chinatsokomola.

"Pepani mayi, mwadzola mafuta anji? Ndikuterereka."

"Gwira zolimba," anatero Mayi Chapola. "Nafenso n'koyamba."

Ndiye anayamba kukwera, mtima ukugunda kugunda kokoma kuja kwa tsiku la chinkhoswe. Atafika pathandala la pamwamba anasuzumira pansi, n'kuona Blantyre yense ali mbwee ngati nyemba zoyanika pamphasa. Anaseka okha. Kutsogolo kwawo kunali chingwe chimodzi chokha, chopita kumtengo wa tsidya.

"Mwandiiwala?" chinafunsa chingwecho. "Ndine choyanikira zovala chanu cha ku Chilobwe. Anandikweza pantchito."

"Iwe si unaduka ndi bulangete limodzi lonyowa?"

"Zakale zimenezo, mayi. Ndinapita kumaphunziro."

Anaponda phazi loyamba, lachiwiri, chingwe chikunjenjemera, iwo akumva mphepo ikuwagirigisha kumapazi. Mwadzidzidzi pakati pa chingwe panatulukira Bambo Msusa, fayilo ili kukhwapa. Akuwayang'ana choncho, bamboyo anayamba kubiriwira, maso anatuzuka n'kumazungulira lililonse kwake, mpaka anasanduka bilimankhwe wovala tayi.

"Mayi Chapola, fomu yanu ilibe chidindo," anatero bilimankhweyo, mwendo umodzi uli m'malere. "Tsikani, mudzabwere Lolemba."

Ndiye m'nthambi monse munadzaza a kuofesi, atasanduka akhwangwala, makolala awo ali mbee. Ankangoti, "Abwerera, abwerera." Bondo lakumanzere linanong'ona kuti ilo latsala pompo, ena apitirire. Apa mantha anawagwiradi. Pansi panali patali, ndipo kubwerera kunali kudzamva kuseka kwawo m'makhonde a ofesi mpaka tsiku lopuma pantchito.

"Ine ndakugwirani kuno," inatero ngowe kumsana. "Mukaterereka mungolendewera basi, koma kuyendako ndi kwanu."

Mwadzidzidzi mlangizi uja anadumpha kuchokera m'nthambi ali gologolo, wezulo ikadali m'khosi, n'kuwaika thireyi m'manja. Makapu khumi ndi awiri, onse odzaza mpaka m'milomo.

"Alendo akudikira tsidya," anatero gologoloyo.

Thireyi itangokhala m'manja, thupi linakumbukira lokha. Nyumba ya ofesi ija ndi yosanja katatu, chikepe chake chinafa kalekale, ndipo pa zaka zonsezi mayiwa sanatayepo dontho pamasitepe. Msana unawongoka, khosi linaima, mawondo anakhala chete. Ndiye anayenda, chingwe chikugwedezeka, tiyi ali phee.

"Zikomo bwana, tidutse nawo, tiyi azizira."

Bilimankhwe anatembenuza diso limodzi. "Wanga mwathira shuga?"

"Masupuni awiri, monga mwa masiku onse."

Analandira kapu ndi manja awiri, anasanduka mtundu wa tiyi wamkaka, n'kupatuka kukalendewera kunsi kwa chingwe. Mayi Chapola anadutsa mpaka kukaponda thandala la tsidya. Alendo kunalibe. Kunali chingwe china chotsetsereka, chokhala ndi kagudumu kokolapo ngowe, chachitali moti mapeto ake anabisika m'mitambo.

Sanafunse munthu. Anakhala m'malamba aja, anakweza mapazi, n'kupita. Mphepo inawatsegula pakamwa, chitenje chinafufuma ngati ambulera, makapu anayamba kuyimba nyimbo ya kwaya m'mawu anayi. Anadutsa pamwamba pa msika wa Limbe, amayi ogulitsa tomato akuwabayibitsa ndi mitanga, ndiye iwo anaimba nthungululu yomwe sanaimbepo chikwatiwire. Akhwangwala ankawatsatira m'mbuyo akupempha tiyi, koma mapiko sankawalola kuwapeza.

"Usathe msanga," iwo anachichonderera chingwecho.

"Ine ndilipo mpaka ku Mulanje," chinayankha.

Ndiye kunayamba kumveka ngo, ngo, ngo. Iwo ankayesa ndi kagudumu ka pachingwe, koma phokosolo linkachokera kuseri kwa zenera. Anali madzi, atabwera pampopi patapita masiku atatu, akugwera m'ndowa yachitsulo. Anatsegula maso n'kupeza ali chagada, manja onse awiri atawatambasula m'mwamba, amuna awo ataima pakhomo la chipinda ndi mswachi.

"Amake Chiku, madzi abwera. Nanga manjawo?"

"Dikirani pang'ono," anatero Mayi Chapola, akutsekanso maso. "Ndiyambe ndatula."