Ndege Yomwe Inagwera pa Mpunga wa a Gondwe

Masiku ano ndikamapita kumsika ndimadzera njira ya kuseri kwa tchalitchi, ngakhale ndi yaitali komanso yaminga. Yachidule ilipo, koma imadutsa pakhomo pa a Gondwe, ndipo pakhomo pamenepo ndinasiyapo ulemu wanga wonse tsiku lina Lachinayi.

Ndine mphunzitsi wa sayansi pasekondale ina kufupi ndi Wovwe. Kwathu ndi ku Ntcheu, kuno linandiponya ndi boma. Anthu amanditchula kuti Asambizgi, ndiye kuti aphunzitsi m'Chitumbuka, ndipo pamaliro amandipatsa mpando pamene ena akukhala panjerwa. Chimene sankadziwa n'chakuti bambo wandevu ameneyu akatseka chitseko amakhala pamkeka n'kumamata zidole.

Msuweni wanga wa ku Joni ndiye anandiyambitsa. Amanditumizira makatoni pabasi, m'katimo muli tizidutswa ta pulasitiki tolumikizana ngati minga ya nsomba, ndi pepala la zithunzi losonyeza kuti aka kalowa apa. Umadula ndi lezala, kupala, kumata ndi guluu, kenako kupenta, mpaka patuluke chombo cha m'mlengalenga, zija za m'mafilimu zopita kunyenyezi zomwe munthu sanapangepo n'komwe. (Musandifunse kuti chikatha chimagwira ntchito yanji. Chimangokhala pashelefu, iwe n'kumachiyang'ana.)

Amene ankadziwa chinsinsi changa anali mmodzi yekha, Lusungu, mwana wa a Gondwe. A Gondwe ndi mkulu wa mpingo, mlimi wa mpunga, ndipo nyumba yawo ndi yoyandikana ndi yomwe ndimachita lendi. Ine ndi Lusungu tinali titagwirizana kale za banja. Loweruka lotsatira Lachinayi lija thenga wanga, amene kwathu tingati nkhoswe, amayenera kukagogoda kwa makolo ake. Tsiku limene Lusungu anandipeza ndi guluu m'zala anaseka mpaka misozi, koma mawa lake anandibweretsera mikanda yofiira ya mkanda wake woduka kuti ikhale nyali za chombo chomwe ndinkamata.

"Koma adada anu asamve," ndinamuchonderera.

"Bwanji? Kodi n'kuba?"

"Munthu wopempha mwana wa eni ake asamveke kuti amasewera ndi zidole. Lonjezani."

Analonjeza, uku akupukusa mutu.

Tsono ife a ntchito imeneyi tili ndi kamwambo kathu. Chombo sichiyenera kuoneka chatsopano, chizioneka ngati chabwerera kunkhondo. Ndiye ndinachipaka penti yakuda, ndinachikwecha mwaye wa kunsi kwa poto, n'kudonthezera penti yofiirira m'mbali kuti izioneka ngati dzimbiri. Woyendetsa wake, kamunthu kamutu waukulu ndi maso otuluka, ndinali ndisanakapente zovala. Ndinangokakhazika m'kati kali mbuu choncho.

Lachinayi m'mawa penti inali isanaume, ndipo fungo lake linkandipweteketsa mutu. Kuyanika pakhonde sindikanatha, anthu akanaona. Ndinakwera pampando n'kuchiika padenga la malata, kenako ndinapita kukaphunzitsa za kutentha ndi mmene kumafewetsera zinthu. (Inde, mutu wa tsiku limenelo unali umenewo.) Tsoka silinunkha. Dzuwa la ku Karonga linachita zake, mapiko anapindikira m'mwamba ngati nyanga, ndipo masana mwera utayamba unamaliza ntchito yotsala.

Pobwerera ndinapeza khamu pabwalo la a Gondwe. Mpunga unali utayanikidwa patenti, anthu atazungulira chapatali, amayi atagwira pakamwa. Pakati pa mpungawo panali chombo changa, chitazika mphuno, mikanda ili psuu padzuwa.

"Asambizgi afika, apatseni njira," anatero wina. "Awa ndiwo asayansi."

A Gondwe anandigwira dzanja. "Yewo mwabwera, Asambizgi. Chinthu ichi chagwa masanasana, amama ŵa Lusungu akutembenuza mpunga. Atsala pang'ono kukomoka. M'mabuku mwanu chilimo?"

Apa mpamene munthu wanzeru akanati pepani adada, n'changa, chagwa padenga. Anthu akanaseka, nkhani n'kutha. Koma ndinaona ophunzira anga m'khamumo, ndinaona apongozi a mawa akundiyang'ana ndi ulemu wonse, ndinakumbuka za Loweruka. Ndinanjuta, ndinakonza magalasi, n'kuyang'anitsitsa phiko lomwe ndinamata ndekha, pomwe chidindo cha chala changa chinali chitaumira m'guluu.

"Adada," ndinatero, "chinthu chotere sindinachionepo."

Lusungu anali pakhonde akupeta. Ndinamva lichero litasiya kulira.

Bambo wina anachigogoda ndi mtengo wautali. Kachitseko ka pamwamba kanatseguka, kamunthu kaja n'kugubudukira pampunga chagada. Anthu anabwerera m'mbuyo onse pamodzi.

"Fwiti izi," anatero mayi wina motsitsa mawu. "Ndege yawathera mafuta."

"Enya, si uyo ali maliseche? Mukufunanso umboni wanji?"

"Nanga zofiirazi, Asambizgi, si magazi?"

"Popanda makina oyezera n'zovuta kunena," ndinayankha ine, mwini penti, botolo lake lili pawindo kwanga. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, koma lambeyo sanaphetse anzake.

Ndege ya ufiti sikhala yopanda mwini, ndiye anthu anayamba kufufuza kumene yachokera. Wina anaona kuti mchira wake waloza kunyumba ya a Yotamu, mng'ono wawo wa a Gondwe. Abale awiriwa anali atakangana chaka chimenecho pa za madzi a m'ngalande kusikimu ya mpunga, wina akuti mnzake ankatsekula madzi tsiku losakhala lake. Nkhani yomwe inali itayamba kuzizira inatenthanso pomwepo. Anakawaitana a Yotamu kumunda, ndipo anafika ndi zenga m'manja, mankhusu ali m'tsitsi.

"Akulu," anatero atamva mlandu wawo, "ine ndege? Njinga yomwe ndilibe."

Palibe anaseka. Ena ankati aitole ngati si yawo, ena ankati asaiyandikire angaiwulutse. Akazi awo a Yotamu anakhala pansi n'kuyamba kulira. Ine ndinali chiimire, ndikudziuza kuti zoterezi zimazizira zokha, bola Loweruka lidutse kaye.

Lusungu anabwera kumbuyo kwanga ngati akudutsa. "Nenani," ananong'ona.

"Dikirani pang'ono, zitha zokha."

"Adada aang'ono akulozedwa chala. Nenani."

"Chonde, Lusungu."

Iye sakanatha kunena. Anali atalonjeza, komanso akanafotokoza bwanji pamaso pa mkulu wa mpingo kuti mikanda yake inafika bwanji m'nyumba ya mbeta yamphongo? Anangondiyang'ana, ine n'kuyang'ana nsapato zanga.

A Gondwe anakweza dzanja. Anati iwo saweruza munthu, woweruza ndi Chiuta, koma mng'ono wawo asapondenso pakhomo pawo mpaka abale atakhala pansi. A Yotamu anangoti, "Yewo, akulu." Kenako a Gondwe anapemphera, anakankhira chombo changa padothi ndi mtengo uja, n'kuitanitsa parafini. Anathira bwinobwino kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Anatulutsa machesi.

"Musaotche!" Mawuwo anatuluka okha, ndipo anali anga. "Chimenecho kuno sichipezeka, n'chochokera ku Joni. Ndachimata miyezi."

Anthu onse anatembenukira kwa ine.

Zotsatira zake ndimalakalaka nditaziiwala. Ndinapita kunyumba anthu akunditsatira pambuyo, ndinatulutsa katoni, pepala la zithunzi, guluu, timabotolo ta penti, ndi zombo zina zomwe zinali pashelefu. A Gondwe anayang'ana chithunzi cha pakatoni, anayang'ana ine, anayang'ananso katoni.

"Asambizgi, muli ndi zaka zingati?"

Pamenepo khamu linaphulika. Amayi aja ankagwirana mapewa, ophunzira anga anagona pansi ndi phwete. Mayi yemwe anati mafuta atha ankafuna kudziwa ngati kamunthuko ndikagulire kabudula. Amene sanaseke anali a Yotamu.

"Nthawi yonse ija munali pomwepa?" anandifunsa.

"Ndinali pomwepa, adada."

Anagwedeza mutu, anadzutsa akazi awo, n'kumapita. Ndipo ine (ndinene zonse, poti ndayamba kale) ndisanawathamangire kukapepesa, ndinayamba ndatola chombo changa n'kuchipukuta parafini ndi mpango.

Madzulo ake a Gondwe ananyamula tambala kupita naye kwa mng'ono wawo. Za ine sanakwiye kwenikweni. Ndinamva kuti anauza akazi awo kuti bola mkamwini wa zidole kusiyana ndi wa kachasu, thenga abwere ndithu. Mtima unakhala pansi, ndinayamba kuganiza kuti ndapulumuka.

Lachisanu Lusungu anandipeza pampanda wa pakati pa nyumba zathu. Sanakweze mawu.

"Thenga wanu mumuuze asavutike."

"Koma adada avomera."

"Adada si amene akukwatiwa. Zidole zanu ine sindinadane nazo, mukudziwa. Koma munthu wamkulu akutchedwa fwiti munali duu, akazi awo akulira munali duu. Pakamwa panu panatseguka mutaona machesi." Kenako anati, "Ndiye tsiku lina akadzandiloza chala ine, ndidzayambe ndasanduka pulasitiki kuti mulankhule?"

Ndaphunzitsa ana a anthu zaka zambiri, ndipo funso lililonse ndimalipezera poyambira. Limeneli ndinangoliyang'ana likupita limodzi ndi mwini wake.

Kwa a Yotamu ndinapitako Lamlungu titaweruka kutchalitchi, ndinakhala pansi padothi n'kupepesa. Anandikhululukira, anandipatsanso mpunga wa m'thumba kuti ndikaphike, zomwe zinandipweteka kuposa akanandithamangitsa. Ndinkaopa kuti anthu adziwa kuti ndimasewera ndi zidole, osadziwa kuti chochititsa manyazi chenicheni ndinkachichita poyera, anthu onse akuona. Zidolezo pano ndimamatira pakhonde, ndipo palibe amene zimamukhudza. Lusungu tikakumana amandipatsa moni mwaulemu wonse, atapinda bondo pang'ono. Dzina langa analisiya, amangoti, "Monire, Asambizgi."