Maphini m'mapapo mwanga

Nkhani iyi ndinalumbira kuti idzathera m'kabuku kanga ka pansi pa pilo. Koma poti Liwaladzi yense akuikamba kale, ena n'kumathiramo zawo, bola muimve kwa mwini wake.

Chaka chatha ndinadwala chifuwa chachikulu. Anachitulukira si munthu, koma kompyuta. Pachipatala chathu chaching'ono pamabwera galimoto yonyamula makina ojambulira m'chifuwa. Chithunzi chikatuluka, pulogalamu ya mu kompyuta imachiyang'ana n'kuzunguliza mzere wofiira pamene pakukayikitsa. A Mwale, amene amayendetsa makinawo, anatiuza kuti pulogalamuyi anaipanga akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana mothandizana, ndipo saigulitsa: aliyense angathe kuitenga, kuisuzumira m'kati, n'kuikonza. Koma galimoto siyendera madzi a m'nyanja. Ndalama za ntchitoyi zinali kutha, ndipo opereka thandizo ankabwera kudzaona ngati n'koyenera kuipitiriza.

"Naphiri, iwe ndiye umboni wathu," anatero a Mwale. "Wamwa mankhwala, wachira. Udzabwere tidzakujambule pamaso pa alendo."

Ine ngakhale kuyankha funso m'kalasi mawu amandithawa. Koma ndinavomera, chifukwa bambo anga nawonso ankatsokomola akabwerako ku nyanja, ndipo za kuchipatala sankafuna n'kumva komwe. Galimoto ija ikasiya kubwera, adzawajambula ndani?

Chinandipweteka ndi mawu akuti "kujambula". Ndinaganiza kuti za m'chifuwa zinatha, tsopano yatsala nkhope, ya kamera. Ndinakabwereka bulauzi ya azakhali ya maluwa achikasu (azakhali anga Mulungu anawapatsa thupi, ine anandipatsa mafupa). Ndinaipinda kumsana, n'kuigwira ndi maphini m'kati mwake mpaka inandikwana.

Nditafika, kamera panalibe. A Mwale anandiloza makina omwe aja.

"Uli ndi chitsulo chilichonse? Mkanda, kobiri m'thumba?"

Alendo onse maso ali pa ine. Ndinene kuti bulauzi ndi yobwereka? Ndinapukusa mutu. (Phini ndi kachitsulo, osati chitsulo. Ndi mmene ndinadzitonthozera.)

Chithunzi chinatuluka. Kompyuta inafiira, mizere ponseponse. A Mwale anavula magalasi, kuwapukuta, kuvalanso. Mayi wina mwa alendowo anatsitsa cholembera.

"Mwati mwanayu anachira?"

Bambo anga, amene ankasuzumira pawindo, anakuwa: "Mayo ine! Mwana wanga wameza mbedza!"

Ndinafuna nthaka ing'ambike. Koma m'maganizo mwanga ndinaona galimoto ija ikulowa mumsewu waukulu, osadzabweranso, chifukwa cha bulauzi. Ndinakweza mkono ngati ndili m'kalasi.

"Pepani. Kompyuta sinalakwe. Ndi maphini. Bulauziyi ndi ya azakhali."

Ndinatembenuka kuti ndiwaonetse. Phini imodzi inasankha nthawi yomweyo kumasuka, ndipo bulauzi inabwerera ku msinkhu wa mwini wake.

Phwete lake linamveka mpaka kumsika. Anamwino anandikokera kuseri kwa katani, akunjenjemera ndi kuseka, n'kundifunditsa chitenje chawo. A Mwale anandijambulanso. Mapapo anatuluka oyera, opanda mzere ngakhale umodzi. Poti manyazi anali atandithera kale, ndinawonjezera, ndikuyang'ana zala zanga zakumapazi: "Chonde, musaisiye galimotoyi. Kuno kuli ena amene sanajambulidwe."

Mayi uja anapempha chilolezo kwa bambo anga kuti chithunzi choyambacho achitumize kwa opanga pulogalamu, popanda dzina langa, kuti aiphunzitse kusiyanitsa phini ndi matenda. Choncho maphini anga afika m'mayiko amene ine ndimangowaona pa mapu.

Bambo, akupukuta misozi ya kuseka, anakaima pamzere. "Inenso ndijambuleni, achimwene. Ine ndilibe maphini." Pa chithunzi chawo mzere wofiira unali weniweni. Pano akumwa mankhwala, ndipo ndimawakumbutsa ndine.

Galimoto ikubwerabe. A Mwale amati ndi chifukwa cha malipoti awo. Ine sindiwatsutsa.

Ndinaphunzirapo kuti munthu akati akujambula, uzifunsa kaye: kunja kapena m'kati? Koma phunzirolo silinandibwezere dzina langa. Ndinabadwa Naphiri. Lero kusukulu, ngakhale aphunzitsi aakulu akamaitana mayina, amati Naphini. Ndipo ine, mwaulemu wonse, ndimayankha.