A Kaponda Anatiperekeza Mpaka ku Ntchisi

Masiku ano mukadutsa pasukulu yathu m'mawa mundipeza pageti ndikuyang'anira ana ochedwa, m'khosi mulibe kanthu. Kale m'khosi muno munkalendewera wezulo. Sinabedwe ayi, ndipo sindinaitaye. Inapita chifukwa makolo anga anandilera bwino.

Sukulu yathu ndi sekondale yoyendera, ili kumapiri a m'malire a Dowa ndi Ntchisi, kumene ukaterereka ndi matope umakadzukira boma lina. Ine ndinali mphunzitsi wa zamasewero, ndipo pamsika ngakhale okazinga tchipisi ankandiitana kuti Kochi (dzina lokoma kwabasi, mkazi wanga yekha ndiye ankalikana). Timu yathu inali m'ligi ya masukulu a mbali ya Dowa, ndipo m'ligimo munali sukulu ya mishoni. Anyamata a kumishoni amagonera konko, amadya nyemba tsiku ndi tsiku, m'mawa n'kuthamanga. Anga ankabwera kumpira atatopa kale ndi kusoka fodya. Tikakumana nawo, woyimbira ankafika posiya kuwerenga zigoli, n'kumangoloza pakati pa bwalo.

Tsiku lina titabwerako kochinyidwa, a hedi athu, Mayi Nkhoma, anandiitanitsa ku ofesi.

"Aphunzitsi, kugonja si mlandu," anatero. "Koma dzulo ine kuchipatala namwino anandifunsa za zigoli ndisanamuuze n'komwe chimene chikundipweteka. A mishoni akadzatichititsanso manyazi otere, wezuloyo mudzaisiye patebulo pano."

Mwayi unabwera wokha. Akuluakulu a zamasewero analengeza kuti masukulu a m'malire atha kusankha: kukhalabe m'ligi ya Dowa kapena kulowa ya Ntchisi. Mphekesera zinali mbwee. Ena ankati sukulu ya chaku Dzoole isamuka, ena ankati ayi, isamuka ndi ya kuseri kwa phiri kumene amaphunzitsa alamu anga a Lemani, timu yokhayo imene tinkafanana nayo mphamvu (kunena zoona, tinkafanana kusowa mphamvu). Za a mishoni panalibe ankazitchula. Angachokerenji kumene amatenga chikho ngati akutola chawo?

Ine nzeru inandifika ndili m'bafa: timu imene susewera nayo singakugonjetse. A hedi ndinangowauza kuti ku Ntchisi n'kufupi, zomwe ndi zoona m'chilimwe. Anavomera.

Ndikanangokhala chete mpaka tsiku la msonkhano wolengeza ligi imene tasankha, bwenzi pano ndili Kochi. Koma mphunzitsi wa zamasewero wa kumishoni ndi a Kaponda, bambo wachikulire amene anandiphunzitsa ine ndili mwana, komanso mkulu wa mpingo wathu.

"Mungochoka osawatsanzika?" anandifunsa mkazi wanga. "Mwasanduka nkhuku inu? Akamvera kwa ena adzati chiyani?"

Ankanena zoona, ndiye Loweruka ndinapalasa njinga ulendo wa kumishoni. Anandilandira bwino, tiyi ndi mbatata. Titafunsana moyo wa ana ndi wa fodya, ndinapereka mawu anga: chaka chino ife tikulowa ligi ya Ntchisi, ndati ndidzatsanzike.

A Kaponda anaika kapu pansi. "Mwatithawa, mwana wanga?"

Funso limeneli linandilasa. Munthu wanzeru akanaseka n'kuvomera. Ine ndinati, "Aa, aphunzitsi, kuthawa chiyani? Tikungofuna mpira wapamwamba."

"Oo," anatero. Basi, oo yekhayo.

Nditanyamuka anatenga chipewa kuti andiperekeze, n'kundilanda njinga kuti aziikankha okha. Tsono inu mukudziwa, munthu wamkulu akagwira njinga yako sungamulande, ndipo wokuperekeza ndiye amanena pobwerera. Ndinkayembekeza kuti pa tchalitchi andisiya. Titafika pa tchalitchi anafunsa kuti, "Mpira wapamwambawo ndi wotani?"

Ndinayenera kuyankha kanthu. Ndinati mabwalo a kumeneko ndi osalala ngati tebulo, mpira umayenda wokha. (Ndinali ndisanapondepo pa bwalo lililonse la ku Ntchisi.)

Tinapitirira tchalitchi. Tinafika pa zigafa za fodya, pamene mlendo aliyense amasiyidwa, koma njinga sinaime.

"Nanga matimu ake?"

"Olimba zedi," ndinatero. "Ku Dowa kuno mpira wachepa, aphunzitsi. Anyamata sakukula."

"Zimenezo n'zoona," anavomereza mwachisoni. "Anga akumadandaula kuti akubwerako osatuluka thukuta."

Mawu amenewa anayenera kundidzutsa, koma m'malo mwake anandipsetsa mtima, poti osatulutsa anzawo thukutawo tinali ife. Pofika pamtsinje ndinali nditatentha. Ndinawauza kuti ku Ntchisi kumabwera anthu ochokera ku matimu akuluakulu a ku Lilongwe kudzasaka osewera, ndipo sadziulula, amangoima pagulu atavala bwino n'kumaonera. Mawuwo atatuluka, nanenso ndinawakhulupirira pang'ono.

A Kaponda anandipatsa njinga ndi manja awiri. "Mwachita bwino kudzatitsanzika. Ana a masiku ano satero."

Ndinakwera chitunda chonse ndikuimba mluzu. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Msonkhano unachitikira m'kalasi, aphunzitsi a zamasewero titapanikizana m'madesiki a ana. Wapampando atafunsa amene akusamuka, ndinaimirira woyamba, wezulo ili pachifuwa, n'kulengeza kuti ife tikupita ku Ntchisi. Anaomba m'manja mwaulemu. A chaku Dzoole anati akhala. Alamu anga a Lemani anati akhala, poti kugonja n'chimodzimodzi kulikonse, bola kugonjera pafupi ndi kwanu. Kenaka a Kaponda anaimirira pang'onopang'ono atagwira chipewa.

"Ife maganizo osamuka tinalibe," anatero. "Koma mwana wathu uyu watitsegula maso. Ndiponso mlendo ukamuperekeza umafuna uone kuti wafika bwino. Nafenso tikupita ku Ntchisi."

Abale inu, kuomba m'manja kumene kunatsatira sindinakumvepo ngakhale pa ukwati wanga. Alamu anga anachita kuimirira, kuombera pamwamba pa mutu. Ine ndinakweza dzanja kuti mwina tiionenso nkhaniyi modekha.

"A Kochi, mwayankhula kale," anatero wapampando, "ndipo mwayankhula bwino."

Ndi ndani tinakumana naye pa masewero oyamba, sindikuuzani, mukudziwa kale. Anatiika pa bwalo lina la kumapiri a Ntchisi, mvula itangoyamba. Lole imene tinakwera inatitimira m'matope, anyamata anga n'kuikankha, moti tinafika thukuta litatuluka kale. Bwalolo linali pachitsetso. Goli imodzi inali kumtunda, inayo kumunsi, ndipo goloboyi wa kumunsi ankamuona mnzake poyang'ana kumwamba. A Kaponda analiyang'ana nthawi yaitali.

"Tebulo lija ndi limeneli?"

"Mwendo umodzi ndi waufupi, aphunzitsi," ndinayankha.

Koma chimene chinandipha si bwalo. Pakati pa oonerera, ana ndi amayi ogulitsa nzimbe, panaima bambo wina wovala jekete ndi tayi, chikwama m'khwapa. Ndinaona a Kaponda akusonkhanitsa anyamata awo n'kumuloza ndi mlomo. Pomwepo ndinakumbukira bodza langa la pamtsinje lija.

M'mbuyomo a mishoni akatichinya zokwanira ankatimvera chisoni, n'kumangopatsirana mpira podikira nthawi. Tsiku limenelo chisoni anachisiya kwawo. Aliyense ankafuna kupita ku Lilongwe. Otchinga kumbuyo ankagoletsa, goloboyi wawo anakwera kudzagoletsa, ndipo aliyense akagoletsa ankathamangira kutsogolo kwa bambo wa jekete uja n'kutembenuka kuti nambala ya pamsana ioneke. Chigawo choyamba tinali kumunsi ndiye ndinati vuto ndi chitsetso. Chigawo chachiwiri tinali kumtunda, ndipo ndinaphunzira kuti mwana wodya nyemba amathamanga bwino pachitunda.

Mpira utatha, bambo wa jekete uja anabwera kudzandifunsa ngati m'lole yathu muli malo. Anali mlangizi wa zaulimi, ankadikira galimoto ya ku Boma kuyambira m'mawa. Tinamutenga, ndipo pobwerera anatithandiza kukankha.

Lolemba sindinadikire kuitanidwa. Ndinalowa mu ofesi, n'kuvula wezulo, n'kuiika patebulo. Zinandiwawa, sindinama, m'khosi munazizira ngati ndavula malaya pagulu. Mayi Nkhoma anaiyang'ana, n'kundiyang'ana ine.

"Paja munati ku Ntchisi n'kufupi," anatero.

"Manyazi afika msanga, mayi."

Ku Dowa nako ligi inakoma. A mishoni atachokamo, aliyense anayamba kudziona munthu, ndipo chikho chinatengedwa ndi alamu anga a Lemani, anthu amene goloboyi wawo amagwira mpira atatsinzina. Anabwera nacho kwathu atachimanga pa kaliyala ya njinga, ati kudzaonetsa mlongo wawo. Anachiika patebulo langa, nadya nkhuku yanga, nandithokoza pamaso pa ana anga kuti popanda ine sakanachiona. Mkazi wanga, yemwe uja ananditumiza kukatsanzika, anangoti, "Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ine ndinati mukatsanzike, sindinati mukalalikire."

Pano kwamvekanso mphekesera zoti masukulu a m'malire apatsidwanso mwayi wosankha, ndipo a hedi anditsina khutu kuti tikabwerera ku Dowa mwakachetechete, mwina wezulo n'kuiganiziranso. Ndinalumbira kuti ulendo uno pakamwa ndatseka, ngakhale mkazi wanga sindimuuza. Lamulungu lapitali tikutuluka m'tchalitchi, a Kaponda anandigwira dzanja, osalisiya, n'kuyenda nane mpaka pamsewu.

"Mwana wanga," anatero, "mukamaganiza zosamukanso, musadzaiwale kudzatitsanzika."

Ndinayang'ana imvi zawo, ndinayang'ana dzanja langa lili m'dzanja lawo.

"Ndidzabwera, aphunzitsi," ndinatero.