Mpeni Wakuda wa Ankolo Dieter

Nkhani iyi mkazi wanga amaikamba pa party iliyonse, mothira mchere. Bola ndiinene ndekha, manyazi anga ndife nawo ndekha.

Munali mu 2018, ndikugwira ntchito ya care, yosamalira okalamba ndi odwala, ku Leicester. Tadala, chibwenzi changa, anati nthawi yakwana yoti ndikaonekere kwa azakhali ake ku Wigston. Kuno iwowo ndiwo anali mayi ake, bambo ake, ankhoswe omwe.

"Anti akangoti ayi, zathera pomwepo," anandichenjeza tili m'basi. "Ndipo mwamuna waulesi safuna kumuona."

Ulesi? Ine mwana wa ku Ndirande?

Anti anatilandira ndi maso ondiyeza kuyambira nsapato. Amuna awo, Ankolo Dieter, ndi mzungu wa ku Germany amene anakhalitsa ku Zomba, Chichewa chawo chokoka ngati cha wansembe. Titangopatsana moni, Ankolo anakwera m'mwamba kukayankha foni. Anti ndi Tadala anathamangira ku shop, tomato anali atatha.

"Khalani, muzionera TV," anatero Anti potuluka.

Ndinadziwiratu kuti mayeso ndi amenewa.

Ku kitchen ndinapeza nyama yambuzi yogula ku Spinney Hill ili pa thabwa. Pambali pake mpeni wopyapyala, chigwiriro chamtengo, wakuda bii! Ndinamva chisoni. Nyumba yokongola chonchi, mpeni ngati wotola kudzala?

Ndinapinda malaya, n'kutenga steel wire. Kwecha, kwecha, mpaka mpeni mbee, ndikudziona nkhope.

Mtima unati usalekere panjira. Ndinatuluka kuseri, n'kuyamba kuunola pa sitepe ya simenti monga timanolera kwathu. Kwee! Kwee! Mayi wa next door anasuzumira pa mpanda. Ndinawapatsa moni ndi dzanja lomwe linali ndi mpenilo. Anathawira m'nyumba, ndinangomva loko ya chitseko.

Ndinabwerera pa nyama ija. Pa mnofu mpeni umangotsetsereka. Kenako fupa. Ndinakweza dzanja, khaa!

Fupa lili bwinobwino. Mpeni gweru ngati mwana wa Standard 1.

Thukuta kamukamu. Nzeru inabwera: ndiunole mpaka gwerulo lithe. Ndinabwerera pa sitepe, kunola ndi mphamvu zonse. Mpeni unayamba kuonda.

"Mukuchita chiyani, bambo?"

Ankolo Dieter, pakhomo, foni ili m'manja.

"Ndikukonza kampeni aka, Ankolo. Kanali ndi litsiro."

Anaulandira ndi manja awiri ngati mwana wodwala. Anakhala pansi pa sitepe pompo, nkhope yofiira, khutu ndi khutu.

"Uwu unali wa malemu mayi anga," anatero pang'onopang'ono. "Wa ku Solingen, kwathu ku Germany. Banja limene limasula mipeni imeneyi linayamba kalekale, agogo a agogo awo, ndipo amainola ndi manja. Kuda kuja si litsiro. Kumabwera kokha ndi zaka, kumauteteza ku dzimbiri. Kunayamba ine ndisanamere ndevu."

Ndinafuna nthaka ing'ambike. Koma pakamwa panga, mdani wanga wakale, panatsekuka pokha.

"Komatu ukuwala, Ankolo."

Nthawi yomweyo Anti ndi Tadala anatulukira ndi jumbo ya tomato. Anti anayang'ana mpeni, anayang'ana sitepe yoyera mikwingwirima, anayang'ana ine.

"Mayo ine! Tangopita pa corner pomwepa!"

Tadala anagwira kumutu. Ine mumtima ndinayamba kutsanzikana ndi ukwati.

"Pepani, Anti, ndimafuna kuthandiza."

"Kuthandiza? Tikanachedwa tikanapeza mwapala ndi njerwa zomwe!"

Chakudya tinadya ngati pamaliro. Nyama anamaliza kudula Ankolo, ndi mpeni wodulira buledi. Mbale zitachotsedwa, Anti anapukuta m'manja, n'kuyang'ana Tadala.

"Ulesi alibe, ndaona ndi maso anga. Matenda ake ndi khama. Ngati ukumufunabe, mtenge. Koma m'nyumba muno asadzagwirenso kanthu, ngakhale supuni."

Ndinapuma ngati ndatula thumba la simenti. Ndinadzuka kuti ndigwire Ankolo chanza. Iwo sanandiyang'ane, anatembenukira kwa Tadala.

"Ndipo umuuze mwamuna wakoyu, galimoto yanga panjapo ndi yakuda dala!"

Abale, si chakuda chilichonse chimene chikudikira inu.