Thandala Lomwe Linandigwaditsa

Mukadzafika kwathu ku Kafue masana n'kupeza bambo waimvi ataima pasinki, manja a malaya atapinda, akutsuka mbale, musafunse zambiri. Ndine. Anthu ndimawauza kuti ndi chikondi, ndipo pang'ono ndi zoona, koma chinandifikitsa pasinkipo kwenikweni ndi thandala.

Ndinagwira ntchito yowotcherera zitsulo kufakitale ya feteleza kwa zaka zambiri mpaka ndinapuma. Kupuma pantchito ndi matenda omwe kuchipatala sawalemba pakhadi. Mwezi woyamba umagona, wachiwiri umawerenga nyuzipepala mpaka tsamba lomaliza, wachitatu umayamba kuona zolakwika m'nyumba yomwe wakhalamo zaka makumi atatu osaonamo kanthu. Ine maso anga anagwera pathandala la mkazi wanga, Amake Dalitso. Linali kuseri kwa nyumba: mphanda zinayi, timitengo toyala pamwamba, basi. Fumbi la pamsewu linkatera pambale, nkhuku za aneba zinkakwerapo, ndipo mvula ikayamba mayi ankathamanga ndi beseni kukaanula. Ndinaona kuti n'zochititsa manyazi kuti mkazi wa katswiri wa zitsulo aziyanika mbale pamitengo.

Ndisanapitirire, ndikuuzeni za mbale zina. M'kabati ya pabalaza muli mbale khumi ndi ziwiri zomwe malemu apongozi anga anabwera nazo kuchokera ku Malawi atazikulunga m'zitenje, nthawi yomwe amuna awo anapeza ntchito kunjanji. Panjira sinasweke ndi imodzi yomwe, ndipo zaka zonsezi zikadali khumi ndi ziwiri. Amake Dalitso ndicho chokha anatsala nacho cha mayi awo. Zimatuluka pa Khirisimasi ndi tsiku lomwe abusa abwera kudzadya, ndipo amazitsuka okha, atayala nsalu pansi pa beseni. Ine ndinkangodziwa kuti ndi zoyera komanso kuti sindiloledwa kuzikhudza.

Ndinakhala pakhonde masiku atatu ndi pensulo ndi pepala. Ndinayeza khoma la khitchini, ndinayeza sinki, ndinayeza mbale yapulasitiki ya mdzukulu, ndinayeza ngakhale pakamwa pa kapu. (Munthu mmodzi yekha ndi amene sindinamuyeze kapena kumufunsa, ndipo mwamudziwa kale.) Chojambula chinatuluka chokongola zedi. Thandala lachitsulo lam'nyumba, lopachika pakhoma, loyanikira ndi kusungiramo komwe. Mbale iliyonse iime chilili m'kanjira kakekake, m'mphepete mwake mutaloza kwa munthu. Ndipo nzeru yaikulu inali iyi: thandala lonse lipendeke pang'ono chakutsogolo kuti madzi azitsetserekera m'kangalande, kangalandeko kazikathira musinki. Kufakitale paipi iliyonse tinkaipendeketsa, chifukwa madzi sakonda kuima. Kutsogolo ndinaikako kawaya kotchinga, kakafupi ngati kachala kakang'ono ka dzanja, kuti mbale izituluka mosavuta.

Ndinawaonetsa Amake Dalitso pepalalo akusenda tomato. Anayang'ana kwa nthawi ndithu.

"Atate ake Dalitso, manje ici cizankhala kumwamba bwanji?"

"Apa," ndinatero, ndikuloza pakhoma pomwe pamafika maso anga.

Tsono ine ndine wamtali, ndipo mkazi wanga amandifika pachifuwa. Anayang'ana chala changa, anayang'ana ine.

"Nizafikako bwanji ine?"

"Stulu ilipo."

"Nanga sitima ikapita?"

Nyumba yathu ili pafupi ndi njanji. Sitima ya katundu ikamadutsa makapu amalira m'kabati, koma takhalapo nthawi yaitali moti ine ndinasiya kuimva. Ndinaseka, n'kuwauza kuti sitima ili ndi njanji yake, thandala lili ndi khoma lake, zinthu ziwirizi sizidziwana. Iwo anangoti, "Cabwino," n'kupitiriza kusenda tomato. (Amuna anzanga, mkazi akati chabwino mwansanga chotere, khalani pansi muganize.)

Makina owotcherera ndinakabwereka kwa mnzanga wakale wa kufakitale, Ba Tembo, ndipo ntchito yonse tinaigwirira pabwalo pawo. Iwo anafunsa ngati mwini khitchini wavomereza, ine ndinati mwini khitchini wasangalala kwambiri. Tinalipaka penti yasiliva, n'kulikweza pawilibala, ine ndikukankha mumsewu pang'onopang'ono kuti anthu aone. Mayi wina wogulitsa nsomba za ku Chanyanya anandifunsa ngati ndi khola la akalulu, ine ndinangokankha wilibala n'kupitirira.

Titafika kunyumba, thandala linakana kulowa pakhomo la khitchini. Linapitirira ndi zala ziwiri zokha. Tinalipendeketsa, tinaliimika, tinalizondotsa, ayi ndithu. Khomo ndinali ndisanaliyeze. Kudula thandala ndinakana, choncho tinazula chitseko pamodzi ndi felemu yake, ndipo kwa masiku anayi khitchini yathu inatsekedwa ndi chitenje. Nkhuku zija zomwe ndinkazithamangitsa pathandala lakale tsopano zinkalowa m'nyumba mwenimweni. Thandala lakalelo ndinali nditaliphwasula kale, mitengo yake n'kuimikira tomato kudimba, moti mkazi wanga ankayanika mbale pampando.

Lachitatu madzulo ntchito inatha, chitseko chinabwerera, thandala lili nganganga pakhoma. Ndinaliyesa ndi mbale zitatu zapulasitiki, ndinathirapo madzi, madziwo anayenda m'kangalande n'kukagwera musinki monga ndinajambulira. Ndinanyada, sindibisa. Ndinamva ngati ndabwerera pantchito.

Tsiku lotsatira, Lachinayi, inali nthawi yathu yolandira amayi akumpingo, omwe amasinthana nyumba zopemphereramo. Apa ndi pomwe mutu unandizungulira. Ndinaganiza kuti thandala lotere silingaonekere kwa alendo litanyamula mapulasitiki, choncho madzulo omwewo a Lachitatu ndinapereka lamulo la mawa lake.

"Amake Dalitso, mailo muikepo mbale za amai. Zonse twelofu."

Anaima ndi tsache m'manja. Ndinaona nkhope yawo ikusintha, ndipo munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinapitiriza, ndinati kukana ndiye kuti sakhulupirira manja anga, manja omwe anawotcherera mathanki aakulu kuposa nyumba ino. Iwo anati, "Muzaona mbale twelofu pa thandala yanu."

Ndipo zinalipodi. Mmawa nditasuzumira ndinaona mbale zoyera khumi ndi ziwiri zitandandalika mmwamba muja, iliyonse m'kanjira kake. Mtima wanga unadzaza. Ndinavala malaya oyera ngati kuti opemphera ndine.

Amayi anafika cha m'ma thuu, motsogozedwa ndi Amayi Zulu, mayi wamkulu wa mawu okhuthala amene akayamba nyimbo sipafunikanso belu. Anapemphera, anaimba, anamwa tiyi ndi zitumbuwa. Mwamuna wa ulemu wake pa nthawi ngati imeneyi amakhala pansi pa mtengo wa mango panja. Ine ndinkangozungulira pakhomo mpaka Amayi Zulu anandifunsa ngati ndataya kanthu. Ndinati ayi, koma ngati amayi ali ndi kamphindi, kukhitchini kuli kanthu kakang'ono koti aone.

Analowa asanu ndi atatu, ena anasuzumira pazenera. Ndinafotokoza za kanjira, za kangalande, za kupendeka kwake. Ndinanenanso kuti mbale zomwe akuzionazo ndi za malemu apongozi anga, zochokera ku Malawi, ndipo kuti sindikanaziika pamalo omwe ndikuwakayikira. Amayi Zulu anakweza mutu mpaka duku linatsala pang'ono kugwa.

"Ba Shi Dalitso, ni yabwino. Koma bakazi banu bazayamba kukwela makwelelo kuti batenge mbale?"

Ndinali ndikutsegula pakamwa kuti nditchule za stulu pomwe ndinamva makapu akulira pabalaza. Kenaka galasi la zenera linayamba kunjenjemera. Kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri, ndinaimva sitima.

Mbale yoyamba inasuntha pang'ono. Inafika pakawaya kaja, inaima ngati ikuganiza, kenaka inakwera n'kudumpha. Pomwepo ndi pamene zinandifikira, mochedwa, kuti mbale yoima chilili pamalo otsetsereka ndi gudumu basi. Inagwa pasimenti, phwaa. Yachiwiri inatsatira, yachitatu, yachinayi, mwadongosolo ndithu, chifukwa tinjira ndinatiyeza mofanana. Amayi anathawira pakhomo onse nthawi imodzi n'kupanikizana pafelemu yomwe ndinali nditangoibwezera kumene. Ine ndinatambasula manja uku ndi uku osagwira kanthu, mpaka yomaliza inandigwera pachifuwa ndipo ndinaikumbatira. Sitimayo inali yaitali, inapitirizabe kudutsa ntchito itatha kale.

Kenaka kunati zii. Pansi ponse panali mbee ndi zidutswa. Ndinayang'ana mkazi wanga ataima pakhomo, manja atapinda, ndipo nthabwala zonse zinandithera. Ndinakumbukira apongozi anga, momwe ankandipatsira ndiwo zambiri kuposa ana awo, ndi momwe mkazi wanga amapukutira mbale zija mwakachetechete chaka chilichonse. Ndinachita mantha ndiponso manyazi omwe sindinawamvepo chibadwire. Ndinagwada pazidutswa pomwepo, pamaso pa amayi onse akumpingo, mbale ili pachifuwa.

"Amake Dalitso, nalakwa. Munanikanizya, sininamvele. Napwanya mbale za amai. Yasala imozi cabe, iyi."

Iwo anangondiyang'ana, manja ali chipindire. Ndiye ndinawonjezera, chifukwa munthu wolakwa akaona chete amangolankhula. Ndinati sindidzakhudzanso kanthu kukhitchini popanda kufunsa. Ndinati mbale zonse za m'nyumba muno ndizitsuka ine mpaka Khirisimasi. (Unali mwezi wa Ogasiti.)

"Tamvela tonse," anatero Amayi Zulu, amayi ena n'kuvomereza ngati akuyankha pemphero.

Apo ndi pomwe Amake Dalitso anayandikira, anatola chidutswa chimodzi n'kundionetsa pafupi ndi mphuno.

"Mbale za amai zili na maluwa. Apa muonapo luwa?"

Panalibe luwa.

"Izi ni za pa maliketi, zija timadyela masiku onse. Za amai zili mu kabati, sizinacoke. Ndipo iyo mwakumbatila ni yanu. Mwadyelamo nshima zaka fifitini."

Ndinaiyang'ana. Inalidi yanga, ndi kamng'alu kake m'mphepete komwe ndimakakhudza ndi chala tsiku lililonse. Mbale ndinkaidziwa ikakhala ndi chakudya, yopanda kanthu ndinali ndisanaiyang'anepo. Amayi anaseka mpaka mmodzi anakhala pansi pakhonde, ndipo ine ndinasekanso, misozi ikutuluka, sindikudziwa ngati inali ya chimwemwe kapena ya manyazi. Chomwe chinandilasa pambuyo pake n'chakuti mkazi wanga sanalikhulupirire thandala langa ngakhale mphindi imodzi, ndipo ankanena zoona. Ndinayesa kufunsa ngati lonjezo likugwirabe ntchito popeza mbale za amayi zili bwino. Amayi Zulu anati lonjezo lopangidwa munthu atagwada silibwezedwa.

Choncho ndinayamba kutsuka. Sabata yoyamba yokha ndinaphunzira zomwe pepala silinandiuze. Ukakweza dzanja lonyowa, madzi amatsika m'mkono mpaka m'khwapa. Miphika imafuna kuvundikira, ndipo ine ndinali ndisanaisiyire malo n'komwe. Mithiko ndi zipande zilibe poima, mipeni imafuna pake pomwe mdzukulu sangafike, makapu amauma bwino atazondoka. Tsiku lina ndinatenga pensulo n'kupempha Amake Dalitso kuti aime pafupi ndi khoma. Anatambasula mkono, anandionetsa pomwe amafika osanyanyamphira, n'kulembapo ndi khala. Thandala ndinalitsitsa, ndinalidula, ndinaliwongola kuti lisapendeke, mbale ndinazitembenuza kuti ziime chopingasa, pansi n'kuikapo thireyi yokoka. Ba Tembo atabwera kudzatenga makina awo, omwe ndinakawabwerekanso, anati tsopano likuoneka ngati thandala la munthu wokwatira. Tinaliyesa ndi sitima zitatu, ife titaima pafupi ndi beseni, ndipo palibe chinasuntha.

Pa Khirisimasi tinadyera mbale za amayi monga mwa chaka chilichonse. Lonjezo langa linkatha tsiku lomwelo, koma ndinapitabe pasinki chifukwa miyendo inali itazolowera. Ndikutsuka miphika, ndinamva mkazi wanga waima kumbuyo kwanga. Anayala nsalu pansi pa beseni, kenaka anandipatsira mbale imodzi.

"Gwilani na manja yabili."

Ndinaigwira. Timaluwa take ndi tabuluu, ting'onoting'ono, tozungulira m'mphepete, ndipo zaka makumi atatu ndinali ndisanationepo. Ndinatsuka zonse khumi ndi ziwiri, iwo akupukuta. Nditamaliza anatenga imodziimodzi n'kuziimika pathandala lija, osakwera stulu, n'kutuluka kukacheza ndi alendo. Ine ndinatsala nditaima pomwepo mpaka zinauma, khutu lili kunjanji.

Phunziro ndinalitola: usanayeze khoma, yamba wayeza mwini khitchini. Koma kuti linalowa mpaka pati sindikudziwa, chifukwa sabata yatha ndinaona nsapato zili mbwee pakhomo ndipo mutu unayamba kujambula wokha. Ndinafunsa komwe kuli tepi yanga yoyezera. Amake Dalitso anati anaisunga m'kabati, kuseri kwa mbale za amayi, ndipo ndikaifuna ndikatenge ndekha. Mpaka lero ikadali komweko.