Diso Lakumanja la Bambo a Thandie

Mai Zelipa Muhiwa,
Telala wa kuseri kwa chigayo,
Bangwe.

Kwa Bwana Wamkulu Woona za Chitetezo cha Antchito,
Chiphaniphani Faiba Limited,
Makata.

Olemekezeka Bwana,

Pepani kwambiri kuti munthu wopalasa makina osokera ngati ine ndikusokonezeni pa ntchito yanu yaikulu. Ndine mkazi wa a Feston Muhiwa, bambo a Thandie, mmodzi mwa amene amalumikiza mawaya anu a intaneti, aja okhala ndi timaulusi tagalasi towonda ngati tsitsi. Makalata awiri ndinasiya pageti panu, ndipo alonda anandiuza mwaulemu kuti afika. Poona kuti yankho likukonzedwabe, ndati iyi ndiilembe poyera, kuti anthu enanso andithandize kukuthokozani.

Choyamba, zikomo chifukwa cholemba ntchito bambo a Thandie. Munaona bwino, chifukwa mwamuna ameneyu ali ndi maso. Ine anga anayamba kufooka kalekale, ndiye m'mawa uliwonse asanathamangire minibasi amandilowetsera ulusi m'masingano khumi n'kuwabaya pakatsamiro. Zaka zisanu ndi ziwiri akuchita zimenezi osaphonya, tiyi ali kudzanja linalo. Azimayi anzanga amati ndinamudyetsa mankhwala. Ndimangowasiya, nsanje sichedwa kuwonda.

Chachiwiri, ndikuthokoza chifukwa cha Tsiku la Chitetezo lija munachititsa ku Makata zaka ziwiri zapitazo. Ati kunali kokoma. Aliyense anavala magalasi oteteza maso, magolovesi ndi chipewa cholimba, ndipo inuyo munalankhula mphindi makumi anayi za kufunika kwa moyo wa munthu. Kunali zakumwa ndi mabisiketi. Wojambula atangotsitsa kamera, kapitawo wawo a Hawkins anayenda pamzere ndi katoni kutolera zonse, n'kukazitsekera m'kabati ya muofesi mwanu. Chithunzicho chinatuluka pakalendala, ndipo ndinachikhoma m'shopu mwanga. Makasitomala amafunsa ngati amuna anga ndi dokotala.

Ndamva kuti mpaka lero magalasi aja alibe ngakhale kamzere kokandika. Bwana, kusamala katundu kotere sindinakuonepo, ngakhale kwa apongozi anga amene mbale za paukwati wawo sanadyerepo. Pa nkhani ya chitetezo cha magalasi, kampani yanu ilibe mnzake mu Blantyre muno.

Chachitatu, ndi chaching'ono. Akamadula timaulusi tija pamatsala tizidutswa tagalasi tosaoneka ndi maso. Ati timayenera kutayidwa m'kachitini kotseka, koma poti kachitiniko nakonso kakupumula m'kabati, anzathuwa amatiika m'bokosi la machesi n'kuponya m'thumba la ovolosi. Ovolosiyo amachapa ndi ine. Mwezi wa Malichi kamodzi kanandilowa m'chala chachikulu, chija chokankhira nsalu, ndipo chinatupa masabata atatu. Anthu a pachigayo ankabwera kudzagunditsa mafoni awo pachala changa, ati mwina agwira netiweki. Tinaseka mpaka misozi. Sindikudandaula ayi, chifukwa kuno ku Bangwe mawaya anu sanafike, ndiye ndine ndekha amene ndinalawako intaneti yanu.

Chachinayi ndi chimene ndikufuna dziko lonse lidziwe, chifukwa chikuonetsa nzeru zimene mwadzutsa mwa antchito anu. Muwaya umodzi mumakhala timaulusi tambiri, ndipo pofuna kudziwa koyenera kulumikiza pali kamakina koyezera. Kamakinako muli nako kamodzi, ndipo kamakhala m'galimoto mwanu, poti n'kodula ndipo fumbi la m'ngalande silikayenera. Ndiye anthu anu anapeza njira. Wina amakhala ku Kameza n'kuwalitsa kanyali kofiira m'kaulusi, ndipo wina ku Machinjiri amasuzumira timaulusi kamodzikamodzi mpaka aone kofiirako. Vuto n'loti tina mwa timaulusiti timanyamula kuwala kwina kosaoneka, kumene ati kumawotcha m'kati mwa diso munthu osamva kanthu. A Hawkins anawalimbitsa mtima kuti chinthu chosaoneka sichingapweteke mwamuna wamkulu wandevu zake.

Komabe anzathuwa si opusa. Anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kupanga lamulo lawo: posuzumira, munthu azitsinzina diso lakumanja. Lakumanzere ndi la kampani, lakumanja ndi la kunyumba. Gulu lonse limasunga lamulo limeneli kuposa Malamulo Khumi, ndipo wobwera kumene amaphunzitsidwa tsiku loyamba lomwelo, asanadziwe n'komwe kumene amagula chiwaya. Mukadzafuna kupereka mphoto ya chitetezo chaka chino, musavutike kuyang'ana kutali.

Chachisanu, ndikupereka lipoti la katundu wanu. Diso la kampani lija latha ntchito. Zinayamba mwezi watha pamene ndinapeza masingano atatu pakatsamiro alibe ulusi. Ndinaganiza kuti ndi changu cha m'mawa. Mawa lake ndinawapeza bambo a Thandie atapendeketsa mutu ngati nkhuku yoyang'ana kabawi, ulusi ukudutsa pambali pa singano. Atandiona anaseka, n'kunena kuti pakati pa diso lakumanzere pakhala kantchentche kosauluka. Kuchipatala anatiuza kuti pamene panapsa sipadzachira. Bambo a Thandie amangoti ndi ntchentche ya kampani, ndipo akuisunga bwino poti si yawo.

Mpaka pamenepa ndinali kusekabe nawo, Bwana. Koma Lachinayi lapitali ku Machinjiri anasuzumira n'kulephera kuona kofiira kaja, poti kantchentche kanakaphimba. A Hawkins, munthu wosakonda kutaya nthawi, anangoti, "A Muhiwa, mesa muli nawo awiri? Yesani linalo." Tsiku limenelo amuna anga anathandizidwa ndi mvula, imene inaimitsa ntchito asanayese. Lolemba akubwerera pamalo pomwepo.

Anandiuza nkhaniyi akuseka, koma ine sindinaseke. Ndikuopa, ndipo sindibisa. Mwana wathu Thandie akukwatiwa mu Ogasiti, ndipo diresi lake ndikusoka ndekha, mikanda yake ndikulumikiza pamanja umodziumodzi. Masingano ake akulowetsa ndi bambo ake, tsopano ndi diso limodzi, pang'onopang'ono, lilime lili panja. Ndikufuna adzamuone mwana wawo akulowa m'tchalitchi atavala diresi limenelo. Sindikufuna kudzakhala pambali pawo n'kumawanong'oneza kuti wapita apo, waoneka bwino.

Choncho ndabwera ndi pempho, manja onse awiri. Lakumanzere sindikulifunanso, munalitenga mwachilungamo monga mwa lamulo la pansi pa mango, ndipo mulisunge. Koma lakumanja ndi langa. Ndinalipeza kampani yanu isanabadwe, likundiyang'ana pa siteji ya minibasi ku Chemusa ndili mtsikana, ndipo silinasiye mpaka lero.

Poti ndaphunzira kwa inu mmene katundu wofunika amasamalidwira, ndasoka kachigamba kophimba diso, ka nsalu yolimba, kamtundu wobiriwira ngati chizindikiro cha kampani yanu. Lolemba m'mawa, akangomaliza masingano anga, ndiwamanga kudiso lakumanja ndi mfundo yanga ya utelala, imene sinamasulidwepo ndi munthu wina. Msewu aziuona ndi m'mbali mwa lakumanzere, ndipo minibasi aidziwa ndi mawu a kondakitala. Akazi a anzawo asanu ndi mmodzi amva, ndipo zigamba zawo ndamaliza kale, zili pawindo. Lolemba limenelo mudzakhala ndi gulu laulemu, lofika pa nthawi yake, lopanda diso lakumanja ndi limodzi lomwe losuzumirira.

Musadere nkhawa, maso onsewo adzakhala otetezeka ngati magalasi anu, opanda ndi kamzere komwe. Ngati ntchito ya ku Machinjiri ndi yachangu, ndamva kuti inuyo muli nawo awiri abwinobwino, ndipo a Hawkins angakuonetseni poima. Koma ngati mungakonde njira yotopetsa ija, ndikupempha modzichepetsa kuti mufufuze kiyi wa kabati, ndipo kamakina kaja katsikeko m'galimoto kadzaone ntchito imene kanagulidwira. Inu mukatsegula kwanu, ine ndimasula kwanga.

Ine wanu wogwada patali,
wosunga katundu mnzanu,

Zelipa Muhiwa (Mai)