Nthenga yachitatu ya a Yoramu

Ku Biriwiri mukatchula dzina la a Yoramu Ngozo, akuluakulu amayamba aseka asanakuyankheni. Malemuwo anali munthu woti akamakupatsani moni, maso ali pa nkhuku yanu. Sikuti ankakhumbira nyama, ayi. Munthu uja ankadyera nkhwani chaka chonse osadandaula. Ankafuna phiko basi, ndipo phiko lake lamanzere lokha.

Ntchito yawo inali yopanga mivi. Osula zitsulo za kunsonga analipo ena, odula bango analiponso ambiri, koma pomanga nthenga kumbuyo kwa muvi panalibe wowaposa kuchokera m'mapiri a m'malire muno mpaka kutsikira ku Nsipe. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo ankalilalikira kwa wofuna ndi wosafuna yemwe. Muvi umafuna nthenga zitatu ngati mafuwa, ndipo zonse zichokere ku phiko la mbali imodzi. Nthenga za phiko limodzi zimapindikira kumodzi, ndiye muvi umazungulira bwino m'mwamba n'kupita molunjika. Ukaikapo imodzi ya phiko linalo, zimakangana m'njira, muvi n'kumayenda ngati wochokera ku mowa. Mbalame nazo ankazisankha. Za muimba ndiye zinali zapamwamba, za nkhanga zolimba ndi zosaopa mame, za nkhuku zongogwirizira. Za kadzidzi sankafuna n'kuziona komwe.

Anthu ankagula miviyo, n'kumaphera agwape ndi nguluwe, koma ulalikiwo ankauyesa misala. "Nthenga ndi nthenga," ankatero kuseri. Ndipo amene ankanena mawu amenewa kawirikawiri kuposa onse anali mkazi wawo yemwe, Lufina, amene pamudzi ankamuitana ndi mfunda wake kuti Nanzunga.

Nanzunga anatengedwa chitengwa kuchokera ku Sharpevale, ndipo zaka makumi awiri za ukwati wake anazithera kupepesa. Tsiku lina anaona aphunzitsi a Kizito, amene ankatsogoleranso mapemphero, akubwera atanyamula tambala wawo wofiira m'khwapa. Atamuika pansi, tambalayo anayamba kuyenda chammbali, phiko limodzi losoledwa nthenga lili mbee.

"A Nanzunga, amuna anu ali kuti?"

"Ali kuseriku, aphunzitsi. Pepani, chonde pepani."

A Yoramu anatulukira okha, phula lili m'manja, nkhope ili yodandaula kuposa ya mwini tambala.

"Aphunzitsi, ndimati ndibwere kwanu komweko. Tambala wanuyu mukumuwononga ndi gaga. Nthenga zake n'zofewa ngati masamba a nyemba, zangonditayitsa nthawi. Muzimutsegulira azikatola chiswe."

Aphunzitsi anabwerera kwawo atalandira malangizo m'malo mwa chipepeso, ndipo Nanzunga anawatsatira madzulo ndi lichero la kachewere.

Ulendo wina aphunzitsi omwewo anabweretsa kutchalitchi chithunzi chachikulu cha mngelo, chochokera kwa ansembe. Anthu atatuluka, a Yoramu anatsala ataima pachithunzipo, pakamwa pali yasa. A Kizito anakondwa, poganiza kuti mawu alowa.

"Mwaonapo chiyani, a Ngozo?"

"Aphunzitsi, phiko lamanzere lokhali mungatuluke mivi makumi atatu."

Koma amene sanaseke nawo konse anali mng'ono wawo Paison. Iyeyu atabwera ku Joni anadzipangira chisoti cha nthenga za muimba chovinira ngoma, chokongola moti akazi ankalulutira chisoticho mwini asanaponde n'komwe. Pa ukwati wina anthu anadabwa kuona a Yoramu, amene chibadwire sanavinepo, atalowa m'bwalo n'kumaponda kumbuyo kwa mng'ono wawo, moyandikira kwambiri. Nyimbo itatha, chisoti chinali chitapendekera, nthenga zisanu ndi imodzi palibe. Paison anasunga mkwiyowo pamodzi ndi wina wakale. Bambo awo pomwalira anasiyira a Yoramu dimba la m'mbali mwa mtsinje, losauma ngakhale m'chilimwe, ndipo Paison sankabisa kuti zimamuwawa kuona mkazi wobwera akukolola pa nthaka ya a Ngozo.

Kenaka kunabwera njala ya 1949, ndipo kuseka kunachepa. Mvula inadula chimanga chili m'mawondo. Pofika mwezi wa Novembala nkhokwe zinali zitagonekedwa pansi, anthu akukumba mizu kuthengo. Nkhuku zonse m'mudzi zinatha, zina kudyedwa, zina kusinthanitsa ndi gaga kutsidya kwa malire. Nkhanga nazo anthu anazitchera mpaka kulira kwake kunaiwalika. Banja la a Yoramu, ndi ana awo atatu, linkapumira dimba lija. Munali chimanga chitayamba ngaiyaye ndi mizere ingapo ya kachewere, ndipo Nanzunga ankawerenga mapesi ake m'mawa uliwonse.

Ndiye kunabwera nguluwe. Inali yamphongo, yaikulu, yokhala yokha m'bango kumunsi kwa dimba. Tsiku loyamba inafukula mizere iwiri ya kachewere. Lachiwiri inagwetsa chimanga cha kungodya yonse ya kumadzi. Moto sinkauopa, zitini sinkazimva, pakuti nayonso inali ndi njala.

A Yoramu anatsitsa phodo lawo kudenga, n'kupeza kuti makoswe anawatsogolera. Anali atadya nthenga zonse pamodzi ndi phula lomatira, mivi yangotsala mabango okhaokha. Atakutumula nyumba yonse anapeza nthenga ziwiri za nkhanga m'kachibade, zonse zamanzere. Anazimanga pa muvi wawo wachitsulo chachikulu, n'kuuimika pakhoma kudikira yachitatu.

"Bambo a Sellina, ziwirizo sizikwana?" anafunsa Nanzunga.

"Munaphikapo pa mafuwa awiri inu?"

A Yoramu anayenda masiku atatu m'mapiri, maso ali pansi, munthu wanjala akufunafuna nthenga anzake akufunafuna chakudya. Amene ankakumana nawo ankapukusa mitu. Nguluwe nayo sinkadikira. Pofika tsiku lachitatu theka la dimba linali litapita, ndipo mwana wamng'ono anali atasiya kulira, ankangoyang'ana.

Tsiku limenelo Nanzunga anatola nthenga ya nkhanga pa mchenga kumtsinje, yaitali, yosathyoka. Anathamanga nayo ngati watola thumba la ufa. Amuna ake anaiyendetsa chala kamodzi kokha n'kumubwezera.

"Yakumanja iyi."

Nanzunga anadikira kuti amuna ake akwerenso phiri masana, n'kuchita chimene mkazi sankachita m'masiku amenewo: anagwira muvi wa mlenje. Aliyense ankadziwa kuti mkazi akakhudza uta kapena muvi, chimene chingamugwere mwamuna kuthengo mlandu ndi wake. Iye ankadziwanso, koma anali ataonerera manja aja zaka makumi awiri. Anang'amba nthengayo pakati, anafewetsa kaphula kotsala, anakulunga luzi mothina bwino. Amuna ake atabwera chimanjamanja dzuwa likupendeka, anawaikira muviwo pamiyendo.

"Nawu muvi wanu. Nthenga ndi nthenga. Ana akutha ndi njala inu muli pakalapakala kusankha phiko ngati mukusankha mkazi. Ngati mukuiopa nguluweyo nenani, ndipite ndine."

Mawu amenewa anamuwawa Nanzunga moyo wake wonse, makamaka otsirizawo. A Yoramu, munthu amene sankatha kumwa madzi osanenapo kanthu za nthenga, sanalalikire. Anayang'ana muviwo, anayang'ana mwana amene anagona pamphasa, n'kunena kuti, "Chabwino."

Anatsikira kudimba m'mawa mwake dzuwa litangotuluka, uta kudzanja, nthungo kumsana. Nanzunga anali pamwamba pa chulu akuona zonse. Nguluwe inatuluka m'bango ikubwerera kogona, n'kuima chopingasa, pamtunda woti a Yoramu sakanaphonya ngakhale atatsinzina. Anakoka uta. Muvi unanyamuka bwinobwino, koma pakati pa ulendo unayamba kugwedeza mchira, ndipo m'malo molowa kuseri kwa phewa unakabaya pantchafu. Chilombocho chinatembenuka n'kuwalunjika. Anachilandira ndi nthungo, nthungo inalowa ndithu, koma chisanagwe chinawang'amba ndi mano kuyambira pabondo mpaka m'chiuno.

Anthu anawanyamula pa chitseko kupita nawo kunyumba, ena akukoka nguluwe yakufayo. Aphunzitsi anamanga bala ndi nsalu, koma magazi sankamva. Khonde linadzaza. Apo Paison anafika atagwira muvi umene anauzula pa nyama ija, akuutembenuza pamaso pa anthu.

"Achimwene, mfundo iyi si yanu. Ziwirizi mwamanga ndinu, ndikuzidziwa. Yachitatuyi luzi lake lapita kwina. Wagwira muvi uwu ndani?"

Sanayang'ane mlamu wake, koma anthu onse anamuyang'ana. Nanzunga ankadziwa chotsatira: maliro akangotha amuperekeza kwawo ku Sharpevale monga mkazi wopha mwamuna, kumene kunalibe ngakhale phesi limodzi, ndipo dimba litsala m'manja mwa Paison. Anatsegula pakamwa kuti avomere, pakuti mtima unali utamutsutsa kale.

"Ndamanga ndine," anatero a Yoramu.

"Inu? Nthenga ya kumanja?"

"Ine ndemwe. Njala, mng'ono wanga. Maso anachita chidima, manja akunjenjemera, ndinasakaniza mapiko. Ukufuna ndilumbire pamaso pa aphunzitsi?"

Kenaka mkulu wina kumbuyo analephera kudzigwira, anaseka, ena n'kutsatira, kuseka kwa anthu anjala kosakhalitsa. Yoramu kusakaniza mapiko! Munthu amene anazunza nkhuku za dziko lonse chifukwa cha phiko lamanzere! Paison anaponya muviwo pansi n'kuchoka.

Anthu atapita kukagawana nyama, a Yoramu anakodola mkazi wawo kuti awerame.

"Kumanga mwamanga bwino, Nanzunga. Luzi mwakoka kuposa ine. Koma musadzauze munthu, ngakhale ana. Dimba lija ndi lawo."

Anamwalira dzuwa lisanafike pamutu. Chimanga chotsalacho chinacha, ndipo ana onse atatu anaiona mvula ya chaka chotsatira.

Kuyambira pamenepo ku Biriwiri kunalibenso womanga mivi wodziwika. Anyamata anayamba kudalira misampha ya waya, ndipo mauta anatsalira m'madenga kudyedwa ndi anankafumbwe. Pabwalo pamene ankakhala a Yoramu ndi kachibade kawo panamera udzu, ndipo anthu odutsa ankafulumira, pakuti panalibenso wowaimitsa kuti awauze zimene sanafunse. Chimene chinatsala ndi mwambi. Mmisiri akalakwitsa, kaya womanga nyumba wapendeketsa khoma, kaya mayi wodziwa kufulula wawawitsa mowa, anthu amati, "Musadandaule, ngakhale Yoramu anasakaniza mapiko." Amanena mokoma mtima, koma dzina la munthu amene sanaphonyepo phiko moyo wake wonse linatsala pa cholakwa chimene sanachite.

Nanzunga anakalambira m'dimba lomwelo, ndipo mwambiwo ankaumva pafupifupi sabata iliyonse. Tsiku lina mwana wake Sellina, ali mayi wa ana ake, anapsereza ndiwo alendo ali pakhonde. Anatuluka m'khitchini akuseka, akupukuta manja m'chitenje.

"Pepani alendo, ngakhale bambo anga anasakaniza mapiko! Si choncho, amayi?"

Alendo anaseka, n'kutembenukira kwa mayi wokalambayo kuti avomereze. Nanzunga anayang'ana mwana wakeyo, wonenepa bwino, wamoyo.

"Ndi choncho, mwanangu," anatero. "Anasakaniza."

Anadzuka pang'onopang'ono, anatenga khasu ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo, n'kutsikira kudimba yekha, kumene akanatha kulira popanda womufunsa chifukwa.